Mbande Zokwatitsa za a Ambrosi

Bangwe, Blantyre
11 Ogasiti 2024

Kwa Filomena,

Ndine bambo ako, Ambrosi Alufazema. Dzanja ndi la mayi ako koma mawu ndi anga, ndipo ndawauza kuti alembe momwe ndikulankhuliramu, asakometsere. Moni. Kuno tili bwino, kupatula bondo langa lija. Kaya iwe ku Cape Town uko.

Usaganize kuti ndaiwala zimene ndinanena zaka zitatu zapitazo. Munthu amene anakutenga ngati akutola nkhuni, osatuma ankhoswe, osagogoda pakhomo panga, sadzaponda pabwalo pano. Dzina lake sinditchula. Nkhani imeneyo ili pomwe ndinaisiya. Lero ndalembera za mitengo.

Masabata awiri apitawo ndinatsikira ku Limbe kukagula msampha wa makoswe. Pasitolo ina ya mbewu ndi feteleza ndinaona mbande za zipatso atazikankhira kukona, m'machubu ong'ambika, zina zili ndi masamba atatu okha. Akuti zinatsalira, akugulitsa motaya. Ndinasankha ziwiri, ya lalanje ndi ya nachesi. Msampha sindinagule.

Wogulitsayo anati, "Madala mwasankha bwino, zimenezi ndi zokwatitsa." Ine ndinati, "Ndikudziwa." Panali anthu, sindikanafunsa. M'minibasi ndinaiganiza nkhaniyi, ndipo tisanafike pamsika ndinali nditaimvetsa ndekha. Zokwatitsa ndiye kuti wina ndi mwamuna, wina ndi mkazi. Lalanje ndi lalitali, ndiye bambo. Bwalo lathu ukulidziwa, ndi mwala wokhawokha, khasu limatulutsa moto. Choncho ndazibzala zonse ziwiri m'chidebe chimodzi cha penti, ndathira dothi lakuda mpaka m'khosi, ndazimanga pamodzi ndi chingwe kuti zizolowerane. Ndimathirira m'mawa, masana ndi madzulo.

Tsopano masamba ayamba chikasu. A Laurenti, oyandikana nafe aja, amaima pampanda n'kumaseka ndi mphuno. Chifukwa anali kalaliki ndipo ali ndi mtengo umodzi wa nachesi, amayenda ngati ali ndi esiteti. Amenewo sindingawafunse ngakhale zitavuta bwanji.

Ndaika m'kalatamu kapepala komwe kanali pambande. Chizungu ndimachimva, koma apa analemba ting'onoting'ono. Undiuze chalembedwapo. Ndalama sindikupempha.

Bambo ako,
A. Alufazema

Filo, ndine mayi ako, ndikuwonjezera iwo atatuluka. Kapepalako akanatha kufunsa aliyense pa Bangwe pano. Akusowa, koma pakamwa pawo ukupadziwa. Yankho upatsire a Obedi a galimoto ya katundu, omwe akubweretsera kalatayi. Usavutike n'kuimba, foni yanga inagwera m'ndowa ndikuthirira ukwati wawowu.


Cape Town
27 Ogasiti 2024

Ababa,

Moni wambiri kwa inu ndi amayi. Nditaona kalata yanu ndinakhala kaye pansi. Ndathokoza kuti mwandikumbukira, ngakhale mwadzera m'chidebe cha penti. Ine ndili bwino, ntchito yam'nyumba ija ndikugwirabe. Bondolo mukulipaka mankhwala kapena mukungolikalipira?

Kapepala kaja kangolembedwa dzina la mtengo ndi mawu oti ubzalidwe padzuwa. Koma ndinakaonetsa munthu wina wakwathu konko amene wagwira ntchito kunazale ya mitengo ya zipatso zaka zisanu ndi zinayi. Ndinamuwerengera kalata yanu, ndipo akuti nzeru zanu zinali pafupi kwambiri, kungoti ukwatiwo unachitika kale. Yang'anani patsinde, pamwamba pang'ono pa dothi, mupeza mfundo yokulungidwa ndi kapulasitiki. Pamenepo ndi pomwe analumikiza mitengo iwiri kukhala umodzi. Kukwatitsa n'kumeneko. Ndiye kuti m'chidebe chanu muli mabanja awiri m'chipinda chimodzi, n'chifukwa chake sakugwirizana.

Akuti muchite izi. Mumasule chingwe, uliwonse ukhale ndi pake, pakhale pokulirapo ngati theka la mgolo. Muboole pansi ndi msomali wamkulu malo angapo kuti madzi azituluka, chifukwa chikasucho ndi mizu yomwe ikumira. Dothi musakanize ndi mchenga wa kumtsinje ndi manyowa owola bwino, osati a nkhuku a dzulo. Mfundo ija isakwiririke, izioneka. Kuthirira muzipisa kaye chala m'dothi, chikatuluka chonyowa musiye. Madzi otsukira mbale ayi.

Mundiuze momwe zikuyendera.

Mwana wanu,
Filomena

Amayi, za kuseri kunozi musawawerengere. Munthuyo ndi Hafizi, mwamuna wanga. Anaseka mpaka misozi, kenako anakhala Lamulungu lonse akundilongosolera zoti ndilembe. Sumayyah wakwanitsa zaka ziwiri, akuyankhula, ndipo akakana chinthu amapinda manja ngati agogo ake. Tikufunitsitsa kubwera tonse atatu mu Disembala. Kodi mukuona ngati zingatheke?


Bangwe
22 Sepitembala 2024

Kwa Filomena,

Moni. Tili bwino. Bondo ndimalikalipira ndipo limamva.

Zija za mabanja awiri ndinali nditayamba kale kuziganiza kalata yako isanafike. Komabe ndachita monga ananenera munthuyo. Ndinapeza mgolo wakale kwa owotcherera, anaudula pakati. Mchenga ndinakatenga ndekha kumtsinje, maulendo anayi pawilibala ya eni ake. Pozula m'chidebe muja munatuluka fungo ngati ngalande ya ku Limbe, mizu ina itada. Mayi ako anati zafa izi, tayani. Lero apite akaone. Masamba abiriwira, ena atsopano akutuluka ofewa ngati khutu la mwana.

A Laurenti asiya kuseka. Dzana anati, "Achimwene, nzeru za mgolozi mwazitenga kuti?" Ndinati, "Kusukulu komwe inu simunapite."

Munthu wakoyo ali ndi mutu. Amalankhula zinthu zogwirika, ndipo ali ndi ulemu, chifukwa anaona kuti maganizo anga anali pafupi. Kwawo ndi kuti? Ndi wokwatira? Ukanakhala wofatsa ukanapeza munthu ngati ameneyu, osati zinazi. Umuuze kuti mkulu wina ku Bangwe akuti takhuta, kwathu ku Nsanje timathokoza choncho.

Tsopano imva nkhani yabwino. Maukwati aja abereka. Pansi pa mfundo patuluka mphukira zamphamvu, ziwiri pa lalanje, zitatu pa nachesi, zokhala ndi minga ngati singano. Zikukula usana ndi usiku, pomwe nthambi zakale za pamwamba zikungozengereza. Ine ndinalima thonje ndili mnyamata, ndikudziwa kuti chakale chimadyera chatsopano chakudya. Ndiye ndaganiza zodula mitu yakaleyo pamfundo pomwepo kuti ana akule bwino. Ndidikira mwezi ukhale, kenako ndidula. Izi sindikufunsa, ndikungokudziwitsa.

Bambo ako,
A. Alufazema

Filo, za Disembala sindinayambe. Ndimati ndiyambe Lachisanu, koma ndinangoti "mwana uja" iwo n'kunyamuka kukapisa chala m'mgolo. Chala chimenecho chimapisidwa kakhumi patsiku. Zodulazi mtima wanga sukuzikonda, mufunse mwamuna wako.


Cape Town
3 Okutobala 2024

Ababa,

Moni, ndikhulupirira muli bwino nonse. Ndikulemba mothamanga kuti kalatayi ipeze galimoto ya mawa.

Chonde musadule. Munthu uja atamva anagwira kumutu. Akuti mphukira za pansi pa mfundo si ana a lalanje kapena a nachesi, ndi ndimu. Pokwatitsa amatenga tsinde la ndimu, chifukwa mizu yake ndi yolimba, sichita mantha ndi dothi loipa ndi matenda. Pamwamba pake ndi pomwe amaikapo kanthambi ka chipatso chokoma. Wapansi amagwira nthaka, wapamwamba amabereka. Mukadula mutu mutsala ndi mandimu a khungu lokhakhala aja. Tsinani tsamba la mphukirayo mununkhize, mumva nokha. Zoyenera kuchotsa ndi mphukirazo, muzibudule ndi chala zikadali zanthete.

Akuti ngati kalatayi yapeza mutadula kale, musazule. Musiye mphukira imodzi yowongoka ikule mpaka ifike ngati pensulo. Imeneyo ikhoza kukwatitsidwanso ndi kanthambi ka nachesi wabwino. Koma zimenezo sizilongosoleka pakalata, zimafuna dzanja lozolowera ndi mpeni wakuthwa.

Mwafunsa za iye. Kwawo ndi ku Machinga. Ndi wokwatira, ali ndi mwana mmodzi wamkazi. Ndi munthu wofatsa, samwa, akalandira amabwera nazo kunyumba. Vuto lake ndi limodzi, apongozi ake aamuna samufuna, sanamuonepo n'komwe. Mawu anu othokoza ndamuuza, anapempha kuti ndibwerezenso.

Mwana wanu,
Filomena

Amayi, bisani mipeni yonse.


Bangwe
20 Okutobala 2024

Kwa Filomena,

Moni. Tili moyo.

Kalata yako inachedwa. A Obedi akuti galimoto inafera ku Tete masiku asanu. Ukawaona uwauze kuti mlandu wa nachesi wanga uli pa iwo.

Ndinadula. Loweruka lina ndinafuna mpeni m'nyumba monse osaupeza, mayi ako akuti mwina makoswe. Ndinakumbukira lumo langa lometera. Ndinayamba ndi nachesi, kamodzi n'kamodzi, mutu uli pansi. Ndikuti ndigwire lalanje, mayi ako anabwera kuti tachedwa ku Mphakati ndipo ndi tsiku langa lotsogolera pemphero. Pobwera lumo linali litasowanso. Makoswe a m'nyumba muno ndi ophunzira.

Kalata itafika ndinatsina tsamba. Ndimu weniweni, mpaka m'maso. Ndinabudula mphukira za pa lalanje, ndipo lalanje lili bwino, latulutsa nthambi zinayi. Pa nachesi ndasiya imodzi yowongoka monga ananenera.

Chondiwawa ndi a Laurenti. Sindikudziwa anamva kwa ndani, koma ndikumukayikira wolemba kalatayu. Anabwera pampanda ndi kapu ya tiyi n'kunena kuti, "Achimwene, ndamva mwatsegula fakitale ya mandimu. Mundisungireko awiri a chimfine." Ine ndinawauza pamaso pa mayi ako ndi anthu awiri odutsa kuti mgolo umenewu udzabereka nachesi wotsekemera kuposa wawo, ndipo katswiri wanga akuchokera kunja kudzaukonza. Ndinalumbira. Mawu anga sanagwepo pansi pa Bangwe pano.

Ndiye tamvera. Anthu a kumeneko amabwera kumudzi pa Khirisimasi. Popita ku Machinga njira ndi yomweyi ya Limbe. Umupemphe munthuyo apatuke, adzagone pakhomo panga, adzadye nkhuku yanga, adzakwatitse mtengowu. Chipinda chilipo. Za apongozi akezo umuuze asadandaule. Mkuluyo ndi wopusa. Munthu ungakane bwanji mkamwini usanamuone, mkamwini wake wodziwa ntchito chonchi? Atandipatsa mpata ndikhoza kukamulankhulira, anthu otere ine ndimawatha.

Iwenso ubwere, umuperekeze, njira ya kuno ndi yosokoneza. Ndamva kuti pali mwana. Ubwere naye, mwana alibe mlandu. Winayo atsale.

Bambo ako,
A. Alufazema

Filo, mipeni ndinali nditabisa kale kalata yako isanafike, lumo ndi lomwe ndinaiwala. Polemba za mkulu wopusayo cholembera chinandigwa kawiri. Anandifunsa chomwe ndikuseka, ndinati chifuwa. Koma mwana wanga, apa pafika poti muwauze. Akadzamva pakhomo, pamaso pa a Laurenti, manyazi adzawachititsa zinthu zoti sitidzathanso kukonza. Lembani kutsogolo kwa pepala, ndiwerenga zonse.


Cape Town
2 Novembala 2024

Ababa,

Moni. Lero sindilemba zambiri, pali wina akufuna kulankhula nanu yekha. Ndinakubisirani, ndipo wolakwa pa zimenezo ndine. Mundikhululukire.

Filomena

Bambo Alufazema,

Ndikupereka moni mwaulemu kwa inu ndi mayi. Dzina langa ndine Hafizi Bwanali, wa ku Ntaja, m'boma la Machinga. Munthu wa kunazale uja ndine. Amene munati atsale uja ndinenso.

Sindikufuna kulowa pakhomo panu nditabisala kuseri kwa mtengo. Munandiitana musakudziwa kuti ndine ndani, choncho lumbiro lanu silikukumangani. Mukati ndisabwere, sindibwera, ndipo mtengo wanu sufa chifukwa cha zimenezo. Ndili ndi mnzanga ku Bvumbwe wodziwa kukwatitsa, ndimutuma, ndipo a Laurenti sadzadziwa kanthu.

Ndinakulakwirani. Ndinayenera kutuma akuluakulu kwa inu tisanalowe m'nyumba. Ndinkaopa kuti mukamva kuti ndine Msilamu mukana, ndiye ndinati tidikire, tidikire, mpaka mwana anabadwa. Kuopako sikunakonze kanthu. Filomena sindinamuletse tchalitchi chake, amapita Lamulungu lililonse, korona wake ali pamutu pa bedi. Amalume anga, Che Bwanali, ndalankhula nawo. Akuti ali okonzeka kubwera ku Bangwe tsiku lomwe inu munganene, kudzapepesa ndi kudzamva mwambo wa kwanu.

Za mtengo. Mphukira ija muimangirire ku kamtengo kuti isapindike ndi mphepo. Mvula ikayamba mukweze migolo pa njerwa kuti madzi azidutsa pansi. Ngati ifika ngati pensulo pakati pa Disembala, ndiye nthawi yake. Ikapitirira kwambiri khungu limauma, kugwira kwake kumavuta.

Mawu anu aja oti takhuta, palibe bwana kuno anandiuzapo mawu ondikoma choncho.

Ine,
Hafizi


Bangwe
12 Novembala 2024

Filo,

Ndine mayi ako, lero ndalemba ndekha. Ndinawawerengera zonse, osadumpha. Anati ndibwereze. Ndinabwereza. Anatenga chipewa n'kukakhala pakati pa migolo iwiri ija mpaka dzuwa linawapeza.

Lero ndi tsiku lachinayi sanatchule nkhaniyi. Akudya bwinobwino, koma akulankhula ndi nkhuku zokha. Ine sindikuwafunsa. Chomwe ndaona n'chakuti migolo ili pa njerwa, ndipo mphukira yamangiriridwa ku kansungwi ndi nsalu yomwe ang'amba ku chitenje changa chabwino. Matikiti musagule kaye, komanso ndalama yake musadye.

Mayi ako,
Getrude


Bangwe
24 Novembala 2024

Kwa Filomena, ndi bambo a mwana,

Moni nonse. Kuno mvula yagwa kawiri. Lalanje lili bwino.

Choyamba, musaganize kuti munandipusitsa. Kusukulu sindinapite koma maso ndili nawo. Kalata zako zimabwera zolembedwa mbali zonse ziwiri, mayi ako amawerenga mbali imodzi. Ine ndikamaliza kulankhula, cholembera chawo chimayendabe. Ndinkadziwa kuti pali chinthu. Kuti chinthucho n'chimenechi ndinali nditatsala pang'ono kuchitulukira.

Chachiwiri, mawu aja onena za mkulu wina wopusa afufutidwe. Mayi ako andikumbutsa katatu, kachitatu pamaso pa alendo. Ndinkanena za munthu wina wa m'maganizo.

Chachitatu. Iwe Hafizi, wati lumbiro langa silikundimanga. Amene amamasula lumbiro la Alufazema ndi Alufazema, osati mkamwini. Mnzako wa ku Bvumbwe akhale konko. Ndinauza Bangwe yense kuti katswiri wanga akuchokera kunja, ndiye ndikaonetse munthu wobwera pa kabaza?

Ndakhala ndikuyang'ana pamfundo ya lalanje lija. Pansi ndimu, pamwamba lalanje, mitundu iwiri yosiyana, koma zagwirana moti chikhadabo sichilowa. Kapulasitiki kaja kayamba kumasuka kokha, ntchito yake yatha. Koma poyamba panafunika womanga, sizinangogwerana zokha m'tchire. Inu awiri anakumangani ndani? Palibe. Ndiye amalume akowo abwere. Afike Loweruka pa 21 Disembala, m'mawa, adzere kukhomo la kumaso. Ine ndaitana mng'ono wanga wa ku Nsanje. Akuluakulu akatha kulankhula, iwe ndi ine tipita kuseri kukaona mgolo. Usanalowe, mpeni sugwira mtengo wanga.

Kanthambi ka nachesi kapezeka. Ndinapita ndekha kwa a Laurenti, ndinadzera pageti, osati pampanda. Ndinati, "Mtengo wanuwu ndi wokalamba, ndabwera kudzaufunsira mbeta kuti dzina lake lisafe." Anaseka mpaka kutsamira khoma, kenako anati mkamwini wanu adzasankhe yekha nthambi yomwe akufuna. Akuti adzaima pafupi kuti aone kadulidwe kake. Uwalole, nawonso aphunzireko.

Tambala wanga wofiira ndamusunga. Ndamva kuti kwanu simudya nyama yozinga munthu wina, ndiye udzamuzinga wekha, ine ndidzagwira miyendo. Mayi ako agula poto watsopano amene sanaonepo nkhumba.

Mphukira ndinaiyeza dzulo ndi pensulo ya mayi ako. Yatsala pang'ono. Musachedwe m'njira, ndipo musakwere galimoto ya a Obedi. Mpeni wapezeka, makoswe abweza, ndaunola.

Lero pansi pano mayi ako salembapo kanthu. Ndakhala pompano, ndikuyang'ana cholembera mpaka kalata ilowe mu envulopu.

Bambo wanu,
A. Alufazema

Filo, envulopu anamata okha, ine ndamatula ndi nthunzi ya ketulo. Gulani matikiti. Panopa ali kuseri, akuganiza kuti sindikumva. Kuyambira Lolemba akhala akuyeserera dzina la mwana, akuuza lalanje. Poyamba ankati Sumaila, dzulo Sumaliya. Lero m'mawa alikhoza.